Musanagule Mbande, Funsani za Mayi Wake

Mitambo yayamba kusonkhana, ndipo posachedwapa ifika nyengo yobzala mitengo, imene boma linaika kuti iziyamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Masiku ano ndikamayendera minda, funso limene anthu akundifunsa kawirikawiri ndi lakuti, "Alangizi, kodi mbande za mango ndi malalanje tikagule kuti? Tipite ku nazale zazikulu za ku Lilongwe, kapena tigule kwa mnzathu wa kudimba uja amene wandanda machubu ake pansi pa mtengo?" Ambiri amafunsa ali nalo kale yankho mumtima. Amene anakhalako m'tauni amati chinthu chabwino chimapezeka pamene pali chikwangwani ndi lisiti. Amene ndalama zawathina amati za m'tauni n'zodula chabe, mtengo ndi mtengo basi. Ine ndifuna kuti tikambirane nkhaniyi mofatsa, pakuti onse awiriwa akuyang'ana kukula kwa nazale, pamene chofunika kuyang'ana chili pena.

Tiyambe taona chifukwa chake nkhaniyi ili yaikulu. Munthu akagula mbewu yoipa ya chimanga, amazindikira miyezi inayi isanathe, ndipo chaka chamawa amasintha. Koma mtengo wa zipatso umabisa chinsinsi chake nthawi yaitali. Mango womezanitsa amayamba kubereka patapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo wongomera kunjere amatha zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo. Zaka zonsezo mayi wa pakhomo ndi ana akhala akusenza ndowa kuchokera kumjigo m'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala, bambo akhala akumanga mpanda chifukwa cha mbuzi, ndiponso akulimbana ndi chiswe. Tsono ngati mbande ija inali yonama, chimene banjalo lataya si ndalama yogulira yokha ayi. Lataya thukuta la zaka zinayi ndi malo abwino a pakhomo, ndipo mwana amene mumati adzalipirira sukulu ndi malalanjewo wakula kale. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba, ndipo pa mitengo ya zipatso poyamba pake ndi tsiku logula mbande.

Mtengo womezanitsa, umene ena amati wokwatitsa, ndi mitengo iwiri yokhala m'thupi limodzi. Kumunsi kuli tsinde lomera kunjere, losankhidwa chifukwa cha mizu yake yolimba. Pa mango timatenga njere za mango athu a makolo, ndipo pa malalanje ndi manachesi kawirikawiri timatenga ndimu ija ya khungu lokhakhala. Kumtunda kuli kanthambi kapena kadiso kodulidwa ku mtengo wina wobereka bwino, ndipo mtengo umenewo ndiwo timautcha mayi. Zipatso zonse zimene mudzathyola zidzakhala za mayi ameneyo. Ngati mayiyo ali wotsekemera, mwana adzatsekemera. Ngati mayiyo ali ndi nthenda, mwana wabadwa nayo kale ngakhale masamba ake aoneke obiriwira bwanji tsiku logula.

Kuti muone kulemera kwa mayi wa mtengo, imvani mbiri ya peyala lotchedwa Hass, limene lero likugulitsidwa m'maiko ambiri. M'chaka cha 1926 munthu wina wonyamula makalata dzina lake Rudolph Hass, wa ku California m'dziko la America, anabzala mbande ya peyala pakhomo pake. Mtengowo unabala zipatso za khungu lokhakhala lakuda koma zonona kwambiri, ndipo mu 1935 analembetsa mtunduwo m'dzina lake. Mitengo yonse ya Hass imene ili pa dziko lapansi inachokera ku nthambi za mtengo umodzi umenewo, umene unafa mu 2002. Munthu akabzala njere ya Hass sapeza Hass, amapeza peyala lina losadziwika. Chimodzimodzinso mango a Tommy Atkins, Kent, Keitt ndi Haden, amene anachokera ku Florida. Njere zake sizibala zofanana ndi kholo monga achitira mango athu ambiri a makolo onga boloma ndi kalisere. Choncho munthu akakuuzani kuti ali ndi mbande ya Kent yomera kunjere, dziwani kuti kapena sadziwa chimene akugulitsa, kapena akukunamizani.

Ndikuuzeni zimene ndinaona m'mudzi wina m'dera lathu lomwe lino. Bambo wina wakhama anagula mbande makumi awiri pa tsiku la msika kwa munthu amene anabwera nazo pa galimoto. Mbandezo zinali zokongola, ndipo iliyonse inali ndi kapulasitiki kokulunga patsinde monga zimakhalira zomezanitsa. Wogulitsayo anati ndi malalanje a Valencia ochokera ku nazale yaikulu. Bamboyo anakumba maenje bwino, anathira manyowa, anathirira chilimwe ndi chilimwe osaphonya. Mitengo inakula msanga ndi minga yambiri, ndipo iye ankanyadira kukula kwakeko. Itabereka, yonse inali mandimu. Pansi pa kapulasitiki kaja panalibe mfundo iliyonse, panangokhala chipsera cha mpeni. Wogulitsa uja sanaonekenso pamsikapo, ndipo palibe amene ankadziwa kwawo. Tsiku limene anandiitana kuti ndikaone, mkazi wake anaima chapatali osalankhula kanthu, pakuti madzi a zaka zonsezo anasenza ndi iye. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Onani tsono kuti munthu wa pagalimotoyo sanali wa nazale yaikulu ndipo sanali wa nazale yaing'ono. Anali munthu wopanda malo. Ameneyo ndiye woyamba kumupewa. Otsalawa, aakulu ndi aang'ono omwe, aliyense ali ndi ubwino wake ndi chilema chake, ndipo ndifuna kuwayeza pamaso panu.

Nazale yaikulu yodziwika ili ndi zinthu zimene mnzathu wa kudimba sangakhale nazo. Imasunga mitundu yambiri, yolembedwa maina, kotero kuti mutha kugula mango opsa msanga pamodzi ndi Keitt amene amapsa mochedwa, mango a makolo atayamba kusowa pamsika ndipo mtengo wake utakwera. Gulu la alimi likafuna mbande mazana angapo za msinkhu umodzi, imatha kupereka. Imapereka lisiti, ndipo lisiti ndi mboni. Koposa zonse, nazale zina zazikulu zimalera amayi a mitengo m'nyumba za sefa zosalowa tizilombo, ndipo zimatenga mitundu yake ku malo a kafukufuku onga a boma a ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, kumene kuli akatswiri a zipatso.

Koma chilema chake choyamba ndi mtunda. Mbande imene yakwera pamwamba pa lole kuchokera ku Lilongwe, mphepo ikuiwomba msewu wonse wa ku Mchinji, imafika ku Waliranji masamba atapsa ndipo dothi la m'chubu litasweka. Mukawerengera mtengo wa mbande, muwerengerenso ulendo wanu wopita ndi wobwera, ndi mbande zofera panjira. Chachiwiri, mbande zoleredwa pamthunzi ndi madzi a m'mpopi tsiku ndi tsiku zimadabwa zikaikidwa pa dzuwa la kumunda. Chachitatu, mnyamata wolandira ndalama pakhomo la nazale kawirikawiri si iye anamezanitsa, ndipo mukamufunsa za mayi wa mtengo amangoloza chikwangwani. Ndaonaponso mbande zokhalitsa m'machubu chaka ndi chaka kudikira wogula, mizu yake itazungulirazungulira m'kati ngati nkhata. Mtengo wotere umakula monyentchera, ndipo mphepo yamkuntho ikadza umagwa.

Nanga nazale yaing'ono ya pamudzi? Ubwino wake waukulu ndi wakuti mayi wa mtengo mungathe kumuona ndi maso anu. Mungapite m'nyengo ya zipatso, kulawa, ndi kunena kuti, "Achimwene, mundimezanitsire khumi kuchokera pa mtengo uwu." Mbande zake zakulira m'mphepo yathu yomwe ino ndi madzi a m'dambo lathu. Mvula ikagwa yokwanira usiku, m'mawa mutenga njinga, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo mbande zili m'maenje. Mungagule zisanu sabata ino, zisanu sabata yamawa, monga mwa mphamvu ya thumba lanu, ndipo ena amalola kusinthana ndi mtedza kapena nkhuku. Chinanso n'chakuti munthu ameneyu sangathawe. Mudzakumana naye kumaliro, kutchalitchi ndi kubwalo la amfumu. Iye adziwa kuti akakunamizani chaka chino, zaka zinayi zikubwerazo mbiri yake idzaipa mudzi wonse, ndipo manyazi amenewo amamugwira dzanja kuposa lisiti.

Komabe ndisakubisireni chilema chake. Mnzathuyu angakhale woona mtima koma wosadziwa matenda. Angadule nthambi pa mtengo wodwala poganiza kuti masamba achikasuwo achita ndi njala ya feteleza. Angadule mitengo makumi asanu ndi mpeni umodzi osautsuka. Angadzaze machubu ndi dothi la pamalo pamene panali fodya kapena tomato, lokhala ndi tinyongolotsi tija totupitsa mizu, timene inu alimi a fodya mumatidziwa bwino. Angasokonezenso maina, pakuti ambiri salemba, amangodalira kukumbukira. Kuona mtima kwa munthu sikuchiza nthenda ya mtengo.

Pa nkhani ya matenda ndifuna mumvetsetse, pakuti dziko lathu linalirapo kale. Nthenda ya chisaka ya nthochi inaoneka koyamba m'Malawi muno mu 1994 m'boma la Nkhotakota. Imafala ndi nsabwe za nthochi, koma ulendo wautali imayenda ndi anthu onyamula ana a nthochi kuchokera kwa abale ndi abwenzi. Nthochi yodwala imatulutsa masamba aafupi, opyapyala, oimirira mothithikana pamwamba, ndipo siibereka mkoko. Patapita zaka nthendayi inafika ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene mabanja ambiri ankadalira nthochi, ndipo alimi anauzidwa kuzula minda yathunthu. Amene anaifalitsa sanali anthu oipa. Anali anthu opatsana mbewu mwachikondi monga tichitira tonsefe. Kodikodi wa chinangwa nayenso analowa mu Africa ndi mitengo ya chinangwa yochokera ku South America, ndipo cha m'ma 1985 anawononga minda ya ku Nkhata Bay. Malalanje ndi manachesi ali nayo nthenda yawo yosachizika, imene imachititsa masamba mawangamawanga achikasu, ndi zipatso zazing'ono, zopendekeka, zowawa ndi zosapsa bwino. Imayenda ndi kachilombo kakang'ono kamene kamasiya timatuza pamasamba anthete, ndiponso imayenda ndi kadiso komezanitsira.

Ife a m'boma la m'malire tili ndi chiyeso china. Chipata ali pafupi, abale athu ali tsidya lija, ndipo njira zodutsira n'zambiri kuposa chipata cha boma cha pa Mwami. Lamulo loteteza mbewu limafuna kuti munthu wolowetsa mbande m'dziko akhale ndi chilolezo ndi kalata yotsimikiza kuti mbandezo zayezedwa. Ena amaliona lamuloli ngati chipsinjo chabe. Koma kambande kamodzi kobisa m'thumba kangathe kubweretsa nthenda imene idzasautsa adzukulu anu. Mlamu wanu akakupatsani mwana wa nthochi wa kwawo, thokozani, koma musanyamule.

Tsono malangizo anga ndi awa. Nthochi ndi malalanje, chifukwa matenda ake amabisala m'kati mwa mtengo, gulani ku nazale imene ingakuonetseni kumene inatenga mbewu yoyezedwa, ngakhale ikhale kutali ndi yodula. Mango ndi mapeyala gulani pafupi, kwa munthu amene mayi wa mitengo yake mwamuona ndi kumulawa. Mitengo ya nkhuni, milimo ndi yobwezera chonde, monga msangu, mthethe, mbawa, keshya ndi gilisidiya, palibe chifukwa choikwerera basi. Imeneyi feseni nokha m'nazale ya pamudzi, makamaka msangu, umene muzu wake umathamangira pansi msanga ndipo sukondwa kukhalitsa m'chubu.

Kulikonse kumene mwapita, kwa wamkulu kapena wamng'ono, chitani zinthu zisanu izi musanatulutse ndalama. Choyamba, funsani kuti, "Mayi wa mbandezi ali kuti?" Woona mtima adzakutengerani pamtengopo, kapena adzatchula malo amene anagulako nthambi. Wokwiya ndi funso limeneli musiyeni. Chachiwiri, yang'anani mfundo. Izioneka bwino, pamwamba pa dothi ngati kutalika kwa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, itapola, khungu la kumtunda ndi la kumunsi likusiyana pang'ono. Kapulasitiki si umboni, pemphani kuti amasule pa mbande imodzi. Chachitatu, pa malalanje thyolani tsamba la pamwamba, mulifikise m'manja ndi kununkhiza. Likanunkha ndimu, mtengowo ndi ndimu. Chachinayi, tembenuzani masamba kuti muone nsabwe, timatuza ndi mawanga, ndipo nyamulani chubu muone kunsi. Mizu ikakhala itaboola chubu ndi kulowa m'nthaka, mbandeyo yakhalitsa. Sankhani mbande ya msinkhu wa m'bondo ya tsinde lonenepa ngati pensulo, m'malo mwa yaitali yowonda. Chachisanu, pemphani kuti dzina la mtundu lilembedwe, pa lisiti kapena m'kope lanu, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la wogulitsa, ndipo mugwirizane chimene chidzachitike mbande ikafa mwezi usanathe. Safunsa anadya phula.

Mbande yabwino ingathenso kufera m'manja mwa mwini wake. Kumbani dzenje mwezi umodzi mvula isanayambe, masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya komwe, ndiwo mapazi awiri. Dothi la pamwamba lisakanizeni ndi manyowa owola bwino. Mbande zochokera pamthunzi zizolowetseni dzuwa pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Pobzala ng'ambani chubu ndi kuchichotsa, ndipo mfundo ija musaikwirire, ikhale pamwamba pa nthaka. Mphukira iliyonse yotuluka kumunsi kwa mfundo ithyoleni ikadali yanthete, pakuti imeneyo ndi ya tsinde, ndipo mukaileka idzalanda chakudya chonse mpaka nthambi yabwino ija itafa. Anthu ena amene amadandaula kuti lalanje lawo linasanduka ndimu sanabedwe ndi wogulitsa ayi, anangolekerera mphukira za kumunsi.

Amayi a m'mipingo ndi aphunzitsi ena andifunsanso za maluwa a rozi okongoletsera pabwalo la tchalitchi ndi pasukulu. Lamulo lake ndi lomweli. Rozi zambiri za maluwa aakulu n'zomezanitsa pa tsinde la rozi yolimba ya maluwa aang'ono, ndipo mphukira za kumunsi zikalekereredwa, duwa lokongola lija limatha. Gulani rozi ili ndi duwa kuti muone mtundu wake ndi maso anu, ndipo ngati pali nyumba ya mnzanu pamene rozi yapirira chilimwe chathu zaka zingapo, kapempheni nthambi kumeneko musanaganize zokwera basi.

Pomaliza ndikupatseni ganizo limene ndimalikonda kuposa onse, pakuti limagwirizanitsa nazale ziwirizi m'malo mozikanganitsa. Mutu umodzi susenza denga. Kalabu yanu isonkhe ndalama, itume anthu awiri odziwa kufunsa, akagule mbande zochepa za mitundu yotsimikizika ku nazale yaikulu yodalirika, ndipo azinyamule zitaphimbidwa kuopa mphepo. Mitengo imeneyo ibzalidwe pamalo amodzi amene amfumu apereka, pafupi ndi madzi, iliyonse ndi dzina lake lolembedwa pa kachitsulo ndi m'buku la kalabu. Imeneyo ikhale amayi a mudzi wonse. Ikakula ndi kuonetsa zipatso zake, mnzathu wa kudimba uja azidula nthambi pamenepo, ife alangizi tikuyendera kuona ngati ili yopanda matenda. Kumezanitsa si matsenga. Ndi ntchito ya mpeni wakuthwa ndi woyera, kansalu ka pulasitiki ndi dzanja lodekha, ndipo ndaphunzitsapo amayi ndi anyamata amene lero amandiposa. Ngakhale mitengo yakale ya mango imene ili pakhomo panu ingathe kudulidwa nthambi ndi kumezanitsidwa mtundu watsopano pa mphukira zake, n'kuyamba kubereka msanga kuposa mbande, chifukwa mizu yake inakhazikika kale.

Tikatero, ndalama ya mbande idzazungulira m'mudzi momwemo, mwana wa mnzathu adzapeza ntchito, ndipo munthu wa pagalimoto uja adzasowa womugula. Amene mufuna kuphunzira kumezanitsa, kapena mufuna kuti tikaone pamodzi mbande musanalipire, uzani amfumu anu kapena mlimi wotsogolera wa m'mudzi mwanu, ndipo uthenga udzandipeza. Ndi bwino kundivutitsa tsiku limodzi lero kusiyana ndi kudzandiitana patapita zaka zisanu kuti ndidzaone mandimu.

Tsalani bwino, ndipo mvula ikugwereni yabwino.

Ndine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi, kwa Mavwere, Mchinji.